Massey Ferguson 35 ya dizilo: ndigule kapena ndiisiye?

Mlimi Watsopano: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Bambo ena akugulitsa thirakitala ya Massey Ferguson 35, yofiira, ya dizilo, akuti ndi ya 1958. Mtengo ndikhoza kuukwanitsa koma mtima ukukayika. Chinthu cha zaka zoposa 60 chingalimedi munda, kapena ndingotaya ndalama?

Makanika Wakale: Achimwene, za mtengo dikirani kaye. Tsegulani boneti muwerenge mapaipi opita ku mainjekita, tizipangizo topopera dizilo mu injini. Akakhala anayi, injiniyo ndi Standard 23C, ndipo ngati chaka akunenacho n'choona, ndi imeneyo. Ikalira imakoka bwino, phokoso lake lofewa, koma kuti ilire m'mawa kukuzizira mumatuluka thukuta. Dizilo amayamba kupsa m'kachipinda kakang'ono ka m'mutu mwa injini, ndiye chitsulo chikazizira chimamwa kutentha konse. Mapisitoni ndi maring'i akaperepeseka pang'ono, batire imatha injini isanatsokomole n'komwe. Ena amaboola mutuwo n'kuikamo chotenthetsera pa silinda iliyonse. Mapaipi akakhala atatu, imeneyo ndi Perkins ya malita 2.5, mphamvu ya akavalo 37, imene anayamba kuikamo mu 1959, chaka chomwe Massey Ferguson inagula kampani ya Perkins ya ku Peterborough. Imeneyo ndingakuperekezeni ndi manja awiri.

Mayi wa Mathirakitala: Ine ndikuti ayi, kaya atatu kaya anayi. Ndinagulapo yakale ngati imeneyi. Pampu ya hayidiroliki inafa nthawi yolima itakwana, ndinakhala masabata atatu pulawo ili pansi anzanga akudzala. Komanso palibe amene watchula za moyo wa woyendetsa. Mathirakitala a nthawi imeneyo analibe chitsulo chotchinga munthu ikagubuduka. Mabuleki ake ndi a dilamu, ndipo masilo a ekiselo yakumbuyo akayamba kudontha, oilo amanyowetsa mabulekiwo. Mutsike nayo mtunda ngolo itadzaza, mudzandikumbukira.

Wokonda Mbiri: Mayi, za chitsulo chotchinga mwanena zoona, koma chimagulidwa n'kumangidwapo. Chomwe ine chimandikoka ndi nzeru imene ili kumbuyo kwa mpandowo. Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa ku Northern Ireland, anaona kuti mathirakitala akale ankangokoka pulawo ngati ng'ombe, choncho ankayenera kukhala olemera kwambiri, ndipo pulawo ikakodwa pa chitsa, kutsogolo kunkadzuka n'kugwera munthu chagada. Iye anamangirira pulawo pa mikono itatu, iwiri pansi, umodzi pamwamba. Pulawo ikakumana ndi dothi louma, imakankha mkono wa pamwambawo, siping'i n'kufinyika, valavu n'kutseguka, hayidiroliki n'kunyamula pulawo pang'ono yokha. Kulemera kwa pulawo ndi dothi kumapita pa matayala akumbuyo, ndiye amaluma nthaka. N'chifukwa chake kathirakitala ka pafupifupi tani imodzi ndi theka kamalima ngati chachikulu. Mkulu wake wa 35 ndi TE20, yotuwa ija, imene anapanga ku fakitale ya Banner Lane mumzinda wa Coventry ku England kuyambira 1946 mpaka 1956, zoposa 500,000. Edmund Hillary, wofufuza malo wa ku New Zealand, anafika nazo zitatu ku South Pole mu Januwale 1958.

Mayi wa Mathirakitala: Zimenezo zinali za petulo, bambo, komanso zinali zisanakalambe. Mbiri siilima munda.

Wokonda Mbiri: Siilima, koma ndi mbiriyo imene ikuchititsa kuti masipeya apezeke. Anapanga zochuluka, ndipo makampani ena monga TAFE ku India ndi IMT ku Yugoslavia anapanga zawo potengera mtundu womwewu. Pampu imene inakuvutaniyo mpaka lero imapangidwa yatsopano.

Makanika Wakale: Pamenepo ndikuvomera. Mulibe kompyuta, mulibe masensa. Sipanala, jeke ndi munthu wodekha, mwamasula injini yonse. Koma ndionjezere: Perkins ya mu 35 nayonso ili ndi kachipinda kaja m'mutu, kungoti siivuta kuliza ngati 23C. Yopopera dizilo molunjika pamwamba pa pisitoni inabwera ndi Massey Ferguson 135, imene inatuluka mu 1964. Mukapeza 135 yabwino pa ndalama yoyandikana, tengani imeneyo.

Mlimi Watsopano: Ndangowaimbira eni ake. Akuti mapaipi ndi atatu! Nanga 1958 ija?

Makanika Wakale: Ndiye kuti mwina asokoneza chaka, kapena wina anasinthapo injini. Jambulani kachitsulo ka nambala ndi nambala ya pa injini, tidzadziwa. Ndipo mupite m'mamawa osawauza ola, mugwire injini ndi dzanja, ikhale yozizira. Ilire osaithira mankhwala opopera othandiza kuliza injini. Utsi wakuda pang'ono poyamba si kanthu, wabuluu wosatha ndiye kuti ikudya oilo. Mangani pulawo, nyamulani, zimitsani injini, muone ngati ikutsika msanga. Pondani kulatchi pang'onopang'ono: ikakhala ya masiteji awiri, theka loyamba limaimitsa matayala pamene PTO, shafiti ya kumbuyo yoyendetsa zipangizo, ikuzungulirabe, ndipo potchetcha udzu zimenezo n'zofunika. Yesani magiya onse 6 akutsogolo ndi 2 akumbuyo. Suzumirani mkati mwa mawilo akumbuyo ngati muli oilo.

Mayi wa Mathirakitala: Ngati mwatsimikiza mtima, mlongo wanga, sungani ndalama ina padera ya masilo, mabuleki ndi chitsulo chotchinga chija musanaikwere. Ndipo musadzamange tcheni pamwamba pa ekiselo pozula chitsa. Mikono itatu ya Ferguson imakutetezani pulawo ikakodwa, tcheni ayi. Munda wanu ndi waukulu bwanji, ndipo ndi wotsetsereka?

Mlimi Watsopano: Mahekitala 6, mbali yaikulu ndi chidikha, kupatula kumtsinje. Ndipita Loweruka dzuwa lisanatuluke. Amakanika, nambala ija imakhala pati?

Makanika Wakale: Ya thirakitala ili pa dashibodi, pafupi ndi chiwongolero. Pukutani fumbi ndi kansanza, musapale ndi mpeni, manambala ake amafufutika msanga.