Kodi wosabadwa nacho angaphunzitse Chitchaina?

Nachisale22:
Ndaphunzira Chitchaina zaka ziwiri, ndipo ndakhoza mayeso a HSK 4 (gawo lachinayi la mayeso oyesa luso la Chitchaina kwa osabadwa nacho). Mtima wanga uli pa uphunzitsi, koma ndili ndi mantha. Ophunzira angandikhulupirire ine, wosabadwa nacho? Nanga kuyunivesite amaphunzitsa chiyani kwenikweni?

Mphunzitsi_wakale:
Achemwali, musaope. Inuyo mukudziwa pamene pamavuta, chifukwa munadutsa momwemo. Kuyunivesite simuphunzira chilankhulo chokha. Kuli galamala, njira zophunzitsira, komanso kuyeserera kuima pamaso pa kalasi. Ine chinandisautsa ndi kamawu koti "le". Polankhula ndinkakagwiritsa ntchito bwinobwino, koma wophunzira atandifunsa kuti kamaikidwa liti, ndinangoti kakasi. Kuchilankhula ndi kuchifotokoza n'zosiyana.

Wokonda_zilankhulo:
Pa kamvekedwe ka mawu muli ndi mwayi. "Ma" akhoza kutanthauza mayi, kavalo kapena kukalipira, malinga ndi mmene mwakwezera kapena kutsitsira liwu. Ifenso timasiyanitsa mtengo womera ndi mtengo wogulira. Yambirani pamenepo pophunzitsa.

Mphunzitsi_wakale:
Koma fikani kaye pa HSK 5. Musadalire pinyin yokha, njira yolembera Chitchaina ndi zilembo zathu za ABC. Zilembo za Chitchaina muzizilemba ndi dzanja tsiku lililonse, poti pabolodi palibe foni yokuthandizani.

Nachisale22:
Zikomo aphunzitsi. Zilembozo ndazinyalanyazadi. Ndiyamba lero.