"Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata": kodi mlomo wake ndi uti?

Mphunzitsi wa ku Mtendere:

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa Civic Education pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Lusaka, dzina lake tilisiye. Sabata yatha ndi ana a Giredi 11 tinali pa mutu wa ufulu wachibadwidwe. Ndinawawerengera gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino la Zambia, lija limati munthu asaletsedwe kukhala ndi maganizo ake, kumva nkhani ndi kuuzako ena. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, ngati zili choncho, nanga bwanji tsiku la masankho mu 2021 WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa?" Nthawi imeneyo anali wamng'ono, koma akukumbukira amayi ake akuvutika kutumiza uthenga kumudzi. Ndinamuuza zomwe zinachitika: pa 12 Ogasiti 2021 zinatsekedwadi, bungwe la Chapter One Foundation linathamangira kukhoti, ndipo tsiku lotsatira khoti lalikulu linalamula ZICTA, bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti, kuti itsegule. Mnyamata wina naye anafunsa za malamulo a pa intaneti amene anasainidwa mu Epulo 2025, kuti kodi munthu angamangidwe chifukwa cha zomwe walemba pagulu la WhatsApp. Tinakambirana mpaka belu linalira.

M'mawa mwake ahedi anandiitana. Sanakalipe ayi, anandipatsa ndi mpando womwe. Anati kholo lina laimba foni kudandaula kuti m'kalasi mwanga mukukambidwa ndale. Potsiriza anangoti, "Mwana wanga, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Nkhani inathera pomwepo.

Mwambiwu ndinaumva kwa agogo anga ku Katete ndili mwana. Ankaunena tikamanyamuka kukacheza kwa achibale, ndipo ine ndinkamva kuti tisakatukwane wina kapena kukanena za m'nyumba ya eni. Tsopano mutu wanga wazungulira. Kodi mlomo wa m'mwambiwu ndi wamiseche wokha, kapena ndi wonena zoona womwe? Ndikufunsa chifukwa Lolemba lapitali ndinadumpha tsamba lathunthu m'manotsi anga, popanda wondiuza kuti ndidumphe.

NaPhiri wa ku Chilenje:

Agogo anu ndiwo anali nawo bwino mwambiwo. Phazi ukaponda pamchenga, mphepo kapena mvula imafafaniza, mawa palibe adziwa kuti unapita pamenepo. Koma ukafika pamudzi wa eni nkusiya mawu oipa, unena kuti mpongozi wa uje ndi waulesi, mwana wa uje si wa bambo ake, mawuwo sawola. Adzakulondola mpaka kwanu, uzikaitanidwa pabwalo. Nchifukwa chake munthu wotere timati ndi wamlomo. Sitinena kuti mphunzitsi woyankha funso la mwana ndi wamlomo. Ahedi anu aukoka mwambiwo ngati legeni.

Gogo wa ku Matero:

Mwana wanga mphunzitsi, ine ndinafika mu Lusaka mu 1971 ndili kamnyamata, ndipo ndinauona mwambiwu ukusintha nkhope ndi maso angawa. NaPhiri sananame, kumudzi unali wa miseche. Koma dziko litakhala la chipani chimodzi cha UNIP kumapeto kwa 1972, unayamba kumveka m'malo ena. Umaumva m'basi ya UBZ, umaumva m'thaveni, umaumva pamzere wa unga ndi saladi wophikira m'zaka za m'ma 1980, wina akangoyamba kudandaula mokweza. Panali akazitape a boma aja tinkawatcha shushushu. Sunkadziwa kuti ndi ndani. Mwina anali ochepa kuposa m'mene tinkaganizira, koma zimenezo zinalibe ntchito, chifukwa aliyense ankamuona mnzake ngati ndiye. Mnzanga amene ndinkagwira naye ntchito ankayamba wasuzumira pansi pa tebulo asanatchule dzina la a Kaunda, mongoseka, koma kuseka kwake kunali ndi mantha mkati.

Mu Febuluwale 1976 yunivesite ya UNZA inatsekedwa ophunzira atachita zionetsero pa nkhani ya nkhondo ya ku Angola. Ophunzira ena anatsekeredwa, aphunzitsi ena akunja anathamangitsidwa m'dziko. Mphwanga anali atangotsala pang'ono kulowa kumeneko. Bambo athu anamulembera kalata kuchokera ku Chadiza, ndipo m'kalatamo munali mwambi womwewu. Sankanena za miseche ayi. Ankati: pita ukatenge digiri, ubwere nayo, zina zonse uzione ngati sunazione. Ndiye ahedi anuwo sanapeke okha tanthauzo limenelo. Analipeza lilipo kale, ife ndife tinawasiyira.

Mfana wa pa Kulima Tower:

Ba teacher, nkhani ya phazi inasila kudala. Manje foni ndiye phazi, foni ndiye mlomo. Ukalemba chinthu usiku utakwiya, m'mawa uchotse, wina anatenga kale screenshot. Ine pagulu la banja ndimangoika chala chokweza basi, ngakhale amalume alembe bodza lotani.

Wa zamalamulo pang'ono:

Kuti tisasokoneze zinthu: gawo 69 la Penal Code, buku la malamulo a milandu, lija linkati kunyoza pulezidenti ndi mlandu wa zaka mpaka zitatu m'ndende, linachotsedwa mu Disembala 2022, tsiku lomwelo limene chilango cha imfa chinathetsedwa. Mu Disembala 2023 lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha zikalata ndi nkhani kuboma linasainidwanso. Zimenezi ana ayenera kuzidziwa. Koma ayeneranso kudziwa kuti milandu ina ya mawu idakalipo m'mabuku, monga ya kuutsa anthu kuti aukire boma, ndipo anthu akuimbidwabe milanduyi. Public Order Act, ija ya misonkhano ndi zionetsero, inalembedwa mu 1955, azungu akulamulira, ndipo maboma athu onse anaipeza yokoma. Zomwe munauza ana aja, bambo mphunzitsi, ndi zinthu zoti zinalembedwa m'nyuzipepala ndipo khoti linaweruzapo. Palibe lamulo limene munaphwanya.

Mphunzitsi wa ku Mtendere:

Zikomo, koma ahedi sananene kuti ndaphwanya lamulo. Pakanakhala lamulo ndikanadziwa polekezera. Apa andipatsa mwambi, ndipo mwambi ulibe malire, ndiyenera kudziikira ndekha. Ndaona kuti ndikamadziikira ndekha ndimaika patali kwambiri kuposa pomwe iwo akanaika.

Mayi wa ku Kabwata:

Ine ndine kholo, ndipo ndiwaikirako kumbuyo ahedi pang'ono. Iwo ali ndi aphunzitsi ambiri pansi pawo ndi akuluakulu pamwamba pawo. Foni ikalira kuchokera kumaofesi, amayankha ndi iwo, osati inu. Mwina anaonapo mnzawo akusamutsidwa mwadzidzidzi kupita kusukulu yakutali, ana ake ali pakati pa temu. Akamati "mwana wanga" akunena zoona, akukufunirani zabwino. Komanso makolofe timasiyana zipani. Mwana akabwera kunyumba nkunena theka la zomwe wamva m'kalasi, bambo ake amangomva kuti mphunzitsi akunyoza chipani chawo. Sindikuti musaphunzitse. Ndikungoti amene akukuchenjezani si mdani nthawi zonse.

Mphunzitsi wa Chinyanja wopuma:

Tiyeni tiuyang'ane mwambiwo pawokha, chifukwa akale sankataya mawu. Sanati "ukayenda usalankhule". Akanafuna kutero mawu analipo. Anati "ukasiya mlomo". Kusiya ndiye mwini nkhani. Chinthu chosiyidwa ndi chomwe chatsala iwe utachoka, chikugwira ntchito mwini wake palibe. Mlomo wosiyidwa ndi mawu onong'oneza kuseri, oti mwini nkhani akadzawamva iwe uli kutali, sungafunsidwe. Mawu onena pamaso pa anthu, pabwalo, masana dzuwa likuswa mtengo, sasiyidwa. Uli nawo pomwepo ndipo ukuwayankhira.

Ndipo anthu omwewo amene anatipatsa mwambiwu anatipatsanso wakuti safunsa anadya phula, ndi wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mtundu woletsa kulankhula sukanapeka miyambi yotere. Kumbukiraninso nyimbo za pamtondo. Amayi awiri akusinja, munsi ukugunda, akuimba za mwamuna amene wathera ndalama za fodya kumowa, kapena za anyakwawa okondera pogawa minda. Mudzi wonse ukumva, anyakwawa omwe akumva, ndipo palibe woimbidwa mlandu chifukwa ndi nyimbo. Gule naye amatero: chilombo chimatuluka kudambwe chikuyenda ngati munthu wina wodziwika, anthu nkumafa nacho chiseko. Kuno kutauni tili ndi chimbuya, chibale cha nthabwala pakati pa Abemba ndi anthu akum'mawa. Mbemba akhoza kuima pamaliro a munthu wakum'mawa nkunena poyera kuti abale anamutaya malemu akudwala, zomwe wachibale sangayerekeze, ndipo palibe amene amamugwira pakamwa. Makolo athu ankadziwa kuti pali mawu ofunika kunenedwa amene mwini wake angapweteke nawo, ndiye anawakonzera njira zodutsira.

Mwa ine, mphunzitsi ali m'kalasi ali pabwalo. Sakusiya mlomo.

Gogo wa ku Matero:

Akulu anzanga, mwaumasulira mokoma, ndipo ndikanakonda zikanakhala choncho. Koma theka lachiwiri la mwambi silifunsa ngati unanena pabwalo kapena kuseri. Limangoti ukutsata. Pa 5 Febuluwale 1996, chipani chimodzi chitatha kale, a Chiluba analetsa nyuzipepala ya The Post nambala 401 chifukwa inaulula zomwe boma linkakonza pa nkhani ya malamulo aakulu a dziko. Ngakhale ya pa intaneti inachotsedwa, ndipo akonzi ake, a Fred M'membe, a Bright Mwape ndi a Masautso Phiri, anamangidwa. Amenewo ananong'oneza kuseri? Analemba patsamba loyamba, maina awo ali pomwepo. Mlomo unawatsatabe. Mu 2016 nyuzipepala yomweyo inatsekedwa pa nkhani ya misonkho, chaka cha masankho, ndipo mu 2020 Prime TV inalandidwa chiphaso. Maboma osiyanasiyana, zipani zosiyanasiyana. Mwambiwu ukunena zomwe zimachitika, sukunena kuti ndi chilungamo. Vuto ndi lakuti ife tinaumva ngati lamulo.

Nyimbo za pamtondo mwatchulazo ndazikonda, koma muone kuti anayenera kubisala m'nyimbo. Pakanakhala popanda choopa akanangonena.

Mayi wa ku Dedza wokhala ku Garden:

Ndalowerera nkhani ya eni, mundikhululukire, koma kwathu ku Malawi tinadutsamo. Nthawi ya Kamuzu kunali bungwe loona mabuku, mafilimu ndi nyimbo kuyambira mu 1968, ndipo chosakomera boma chinkaletsedwa. Koma chimene chinkatitseka pakamwa kwambiri sichinali bungwelo, anali mantha oti mnansi wako akakunenera kwa a chipani. Amayi anga ankatiuza mwambi wina: kukana nsalu ya akulu nkuviika. Wamkulu akakutuma kuchapa nsalu yake ndipo iwe sukufuna, sunena kuti ayi. Umailandira ndi manja awiri, nkuiviika m'madzi, nkuisiya momwemo. Ndi momwe anthu ambiri ankakhalira. Khadi la chipani ankagula, kumsonkhano ankapita, m'manja ankaomba, koma mumtima nsalu ili m'madzi.

Kenaka pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepisikopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi dziko lonse. Munalibe zachilendo m'kalatamo. Zonse tinkazidziwa: anthu otsekeredwa popanda mlandu, malipiro ochepa, kusowa ufulu wolankhula. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, mnzako wa pabenchi naye akumva. Boma linati kupezeka nayo kalatayo ndi mlandu, ndipo Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Mlomo unawatsatadi. Koma pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu ndipo chipani chimodzi chinatha. Ndinali mtsikana wa kwaya tsiku la kalatalo, ndipo ndimakumbukira kuti potuluka m'tchalitchi anthu sankayang'anana kumaso.

Mfana wa pa Kulima Tower:

Amayi, ya kuviika nsalu ija ndaitenga. Ndiye chala changa chija pagulu la banja.

Mphunzitsi wa ku Mtendere:

Ndawerenga zonse, zikomo kwambiri nonse. Ndikuuzeni zomwe ndachita lero, muweruze nokha ngati ndachapa kapena ndaviika. Tsamba lija ndinalidumpha ndalibwerera. Koma sindinafotokoze ndi pakamwa panga. Ndalemba pabolodi gawo 20, pansi pake ndalemba zaka zitatu, 1996, 2021 ndi 2022, ndipo ndagawa ana m'magulu kuti akafufuze okha chomwe chinachitika pa ufulu wolankhula chaka chilichonse, adzanene Lachisanu. Ndasankha dala zaka za maboma atatu osiyana kuti kholo lililonse likwiye mofanana. Ahedi ndawaonetsa pulani ya phunzirolo ndisanalowe m'kalasi. Anaiwerenga, anasaina, sananene kanthu.

Chomwe chandipweteka ndi china. Mtsikana uja anafunsa funso loyamba wamva kuti ndinaitanidwa ku ofesi, kaya wamva kwa yani. Lero ndafunsa mafunso anayi ndikuyang'ana kumbuyo komwe amakhala. Mayankho ankawadziwa, ndinaona akulemba m'kope, koma dzanja silinakwere ngakhale kamodzi. Pa nthawi yopuma anabwera kudzapepesa kuti anandiika m'mavuto. Ndinamuuza kuti palibe chopepesa. Anangoti "chabwino aphunzitsi" nkumapita.

A mphunzitsi a Chinyanja, funso lina laling'ono. Agogo anga ankamaliza ndi "ukutsata", koma mnzanga wa ku Petauke akuti kwawo amangoti "ukayenda siya phazi, usasiye mlomo". Woyambirira ndi uti?

Mphunzitsi wa Chinyanja wopuma:

Yonse iwiri ndinaimva, ndipo ena amati "udzakupeza". Wa "usasiye" ndi wolamula, wa "ukutsata" ndi wochenjeza. Ine m'kalasi ndinkaphunzitsa wachiwiriwo. Mtsikanayo mumupatse kuti ndiye adzayankhulire gulu lake Lachisanu, ndipo mumupatse chaka cha 2022, chili ndi nkhani yabwino.