Mwana wanga akuti mu jazz nyimbo amaipeka pomwepo. Kodi ndi zoona?

Amake Tamara, Chilenje:
Mwana wanga wamwamuna amaimba kiyibodi kutchalitchi, koma masiku ano mtima wake uli pa jazz. Nyimbo imodzi saiimba mofanana kawiri, ndipo ndikamufunsa amati ndi mmene jazz imakhalira. Nkhawa yanga ndi yakuti azolowera kuchita zinthu mosakonzeka, ngakhale za kusukulu. Odziwa nyimbo, ndithandizeni chonde.

Woimba gitala wa ku Matero:
Amayi, mtima ukhale pansi. Kupeka pomwepo si kuimba chisawawa. Besi ndi ng'oma zimagwira maziko, makodi, omwe ndi manotsi angapo oimbidwa pamodzi, amazungulira mwadongosolo (mu nyimbo za blues nthawi zambiri amazungulira pa tizigawo 12 tofanana kutalika), ndipo wopekayo ayenera kudziwa pamene anzake afika. Akasochera pang'ono, aliyense amamva. Kuti zala zizipeza zokha njira, pamafunika zaka zobwereza masikelo (kukwera ndi kutsika manotsi motsatana) tsiku ndi tsiku.

Mu Januwale 1975, Keith Jarrett, woimba piyano wa jazz wa ku America, atafika ku Köln, mzinda wa ku Germany, anapeza kuti amuikira piyano yaing'ono yosakonzedwa bwino. Mawu ake apansi anali ofooka, apamwamba opyapyala. Anatsala pang'ono kukana, koma anaimbabe, akudalira pakati pa piyanoyo ndi kubwereza mwamphamvu ndi dzanja lamanzere. Zimene anapeka usiku umenewo anthu akuzigulabe mpaka lero. Ineyo ndimati popanda zaka zimene anakhala pa piyano, chikanatuluka ndi phokoso basi. Mufunseni mwana wanu ngati amayeserera masikelo. Akati inde, msiyeni.

Agogo a ku Kalingalinga:
Mwana wanga, kwathu ku Katete izi si zachilendo. Pa gule wamkulu ng'oma zina zimagunda mosasintha, koma woimba ng'oma yotsogolera ya mbalule maso ake amakhala pa mapazi a wovina. Wovina akatembenuka, ng'oma imamuyankha pomwepo. Mdzukulu wangayo akuphunzira kumvetsera anzake, ndipo khutu lotero lidzamuthandiza ndi m'banja momwe.

Makanika wa ku Chawama:
Ndikuvomereza, koma pakhale malire. Minibasi ikafera pamsewu paipi ya madzi itaphulika, ndimamanga ndi labala ya chubu kuti ifike kugalaji. Zimatheka chifukwa injiniyo ndimaidziwa. Koma mabuleki sindiyerekeza n'komwe, pamenepo pali miyoyo ya anthu. Amayi, mumuuze kuti mayeso a Grade 12 akufuna kuwerengeratu.

Amake Tamara:
Zikomo nonse. Masikelo amayeserera ndithu, mpaka atate ake amadandaula. Magetsi akabwera usiku uno ndimupempha andiimbire, ndimve ngati ndingatsate besiyo.