Gulu la a kwathu ku Zomba: za sitolo yakale ija

Mlembi: Akuluakulu nonse, mwaswera bwanji? Loweruka tinasiyira panjira nkhani ya sitolo yakale ija ya khonde lalitali kufupi ndi msika. Eni ake akuti tikaikonza atibwereka, tikalephera agulitsa kwa munthu amene akufuna kuigwetsa. Komiti ikuganiza kuti mkati mukhale laibulale ya ana, pakhonde pakhale atelala ndi osema ziboliboli, azilipira lendi. Tiyeni timve maganizo anu.

Achimwene a ku Joni: Pepani, ine ayi. Ndalama timatumizazi timazipeza movutikira kuno. Ku Chikanda amayi akulawirira m'bandakucha kusaka madzi, ife tikakwirire ndalama m'chipupa cha eni ake? Komanso nyumba zimenezi n'za nthawi imene agogo athu ankagulira zinthu pawindo. Tikusunga chiyani kwenikweni?

Mayi a ku Matawale: Achimwene, za madzi mukunena zoona, sindikutsutsa. Koma njerwa za nyumba imeneyo anaumba ndani, anaotcha ndani? Si agogo athu omwewo? Malemu bambo anga anakhala pakhonde limenelo ndi makina awo a Singer mpaka maso atayamba kuvuta. Sukulu zikamayandikira kutsegulira ankasoka mayunifolomu mpaka mdima, ine ndikutola tizidutswa ta nsalu pansi n'kumasokera zidole. Pa simenti pakadali timaenje pamene miyendo ya makina inkaponda. Ndinakaona mwezi watha, ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Fizi yanga inachokera pakhonde limenelo. Mbiri ya nyumbayo ndi yathunso, si ya amene anali kuseri kwa kauntala okha.

Mmisiri wa ku Chinamwali: Ine ndalowamo dzulo. Maziko ali bwino, makoma ndi okhuthala, masana kunja kukutentha mkati muli zii. Choipa ndi denga: malata adyeka ndi dzimbiri, chiswe chamaliza mafelemu a kumbuyo. Ndi mvula ya Zomba mukuidziwayi, dzinja likapitanso kawiri chipupa cha kumbuyo chigwa. Ndipo chonde tisadzapake pulasitala wa simenti. Njerwa zakale zimafuna laimu. Simenti imatsekera chinyezi mkati, njerwa n'kumafumbutuka.

Wophunzira wa ku Chanco: Makolo anga, ndiloleni ndiponyepo. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsatira mu 1994. Chimene Zomba inatsala nacho, kupatula phiri ndi yunivesite, ndi nyumba zakalezi. Imodzi mwa nyumbazi, yomangidwa mu 1886, lero ndi Hotel Masongola, anthu akugonamo n'kumalipira. Ku Blantyre, Mandala House ya mu 1882 ili ndi malo odyera ndi ogulitsira zojambula pansi, laibulale pamwamba. Alendo amene amakwera ku Ku Chawe amangodutsa m'tauni osaima, chifukwa palibe chowaimitsa.

Achimwene a ku Joni: Mwana wanga, zimenezo ndi nyumba zotchuka. Yathuyi ndi sitolo wamba. Mlendo angaimire sitolo?

Mayi a ku Matawale: Angakhale asaime, ana a ku Mpondabwino adzapeza powerengera. Zomwezo n'zokwanira kwa ine.

Msungichuma: Nkhawa yanga ili pena. Tikakhoma malata atsopano, eni ake osadzatitulutsa chaka chamawa? Popanda pangano lolembedwa pamaso pa loya, la zaka zosachepera 10, ine sindisayina cheke. Tifunsenso ku khonsolo ya mzinda ndi ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale tisanakhudze khoma lililonse. Thumba lathu silingakwanitse zonse nthawi imodzi. Mwina denga lokha chaka chino.

Achimwene a ku Joni: Mtima wanga ukadali ku madzi. Koma ngati lendi ya pakhonde izilowa m'thumba la mjigo, ndipo zilembedwe m'panganolo, ndisonkha nawo za denga. Za laibulale tidzakambirana ndikaona malisiti.

Mlembi: Ndalemba zonse. Amisiri, mutipatse mtengo wa malata, matabwa ndi mankhwala a chiswe pofika Lachisanu. A Msungichuma ndi Mayi a ku Matawale, tikakumane ndi eni nyumba Loweruka 9 koloko m'mawa, pakhonde pomwepo.