Makina otsegulira makalata akudula ndi zamkati zomwe, thandizeni

Moni nonse pagulu pano. Ndimagwira ntchito ku registry komwe kumafikira makalata onse a pa ofesi, ndiye tili ndi makina amagetsi otsegulira maenvulopu, aja okhala ndi timipeni tiwiri tozungulira komanso lamba wokoka. Vuto ndi loti masiku ano akumadula envulopu pamodzi ndi pepala lamkati, macheke ndi mafomu akumatuluka atadyeka m'mphepete, pena akumakoka awiri nthawi imodzi n'kutsamwa.

Lamba ndinapukuta, tizinyenyeswa ta mapepala ndinachotsa tonse, posinthira kuya kwa mpeni ndinabweza mpaka kumapeto. Ndimayambanso ndagogoda mulu wa makalatawo patebulo kuti zamkati zitsikire mbali inayo. Maenvulopu a saizi ya DL (aja ang'ono aatali) akuyendako bwino koma a saizi ya C5 (okulirapo) onenepa aja, makamaka okhala ndi ma staple, ndiye ayi ndithu.

Kodi ndi mipeni yabuntha kapena lamba ndiye watha? Mipeniyi imanoleka kapena n'kungogula ina basi? Nanga inu amene mukugwiritsa ntchito makina a milling, aja amapala m'mphepete m'malo modula, amatetezadi zamkati? Chonde ndithandizeni, kumapeto kwa mwezi makalata amachuluka zedi moti pamanja sitingakwanitse.