Zotsatira pa funso langa la mphesa zowola ku Hemel-en-Aarde

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinafunsa chifukwa chake mphesa za Pinot Noir zimawola zisanapse m'chigwa cha Hemel-en-Aarde, kufupi ndi Hermanus ku South Africa.

Ambiri munanena kuti vuto ndi chinyezi. Mphepo yozizira ya kunyanja imachedwetsa kupsa, n'chifukwa chake Pinot Noir ndi Chardonnay zimachita bwino kuno. Koma Pinot Noir ili ndi khungu lopyapyala komanso matsango othinana, ndiye mame akalowa pakati sauma msanga ndipo chuku chimayamba.

Tinatsata malangizo othothola masamba ozungulira matsango mu Novembala, zipatso zitangomanga, mbali ya kum'mawa yokha. Tinapoperanso sulufule masiku 10 mpaka 14 alionse, koma ameneyu ndi wa chuku choyera chonga ufa, kuwola sathetsa. Pokolola mu Febuluwale matsango owola anali ochepa kwambiri.

Chonde musathothole mbali ya kumadzulo, dzuwa la masana limawaula mphesa. Sulufule musapopere kukatentha kuposa madigiri 30, amawotcha masamba. Chardonnay nayenso chuku choyeracho chimamugwira msanga, musamuiwale popopera.