Kukaona anamgumi ku Tofo ndi mwana: tichenjere ndi chiyani?

Mayi wa ku Chilomoni:
Abale, ndigawireni nzeru. Mlamu wanga amagwira ntchito ku Inhambane, ku Mozambique, ndiye watiitana mu Ogasiti, ati ndi nyengo imene anamgumi amadutsa ku Tofo, gombe la nyanja yamchere kufupi ndi komweko. Ine madzi ndimadziwa a ku Mangochi basi, boti ndinakwerapo kamodzi ku Liwonde mtima uli m'mwamba kuopa mvuu. Mwana wanga wa zaka 9 anaona pa TikTok anthu akusambira ndi ma dolphin, pano sakundigonetsa tulo. Ndimulole?

Mkulu wa ku Namiwawa:
Mayi, mwezi mwasankha bwino. Anamgumi a mtundu wa humpback amachoka ku Antarctica kudzaberekera kumadzi ofunda a ku Mozambique, kuyambira cha mu Juni mpaka Okutobala. Ndiye ambiri mukawapeza ali ndi ana oyamwa. Si nsombatu, amapuma mpweya ngati ife tomwe. Wamkulu amafika mamita 15 kutalika. Musanalipire, mufunse woyendetsa boti kuti amaima patali bwanji. Akayankha kuti "tikakufikitsani mpaka muwagwire", bwezani ndalama m'chikwama. Boti lisawadule kutsogolo, komanso lisalowe pakati pa make ndi mwana. Ku South Africa lamulo lake ndi mamita 300 kwa boti lopanda chilolezo. Ife titapita kukaona anamgumi, woyendetsa boti wathu anaima patali, injini zii. Tinadikira mpaka ine kuyamba kudandaula ndalama zanga. Kenako phuuu pambali pathu! Namgumi anabwera yekha. Koma fungo la mpweya wakewo, ngati usipa wowola mu Limbe market.

Mtsikana wa ku Bangwe:
Za kusambirazo ine ayi. Ndinapita ku Kizimkazi, ku Zanzibar, ndinabwerako ndi manyazi. Maboti ambirimbiri kuthamangitsa kagulu kamodzi ka ma dolphin, woyendetsa akukuwa kuti tidumphe. Ndinadumphadi. Ndinangoona michira ikulowa pansi, ine kumwa madzi amchere, mapropela akuzungulira pafupi. Nyamazo zinali kuthawa, ife tikuti zikusewera nafe. Mwanayo akhale m'boti, atavala jekete yoyandamitsa ya saizi yake, osati ya akuluakulu yovuka ikangokokedwa.

Ankolo a ku Ndirande:
Mafunde a kumeneko si a ku Mangochi, mlongo. Mankhwala oletsa kusanza mumwe musanakwere, m'botimo amakhala atachedwa. Kukachita mphepo, kakhaleni pamwamba pa Tofinho, kachitunda ka m'mbali mwa nyanja pafupi ndi Tofo, anamgumi amaonekanso muli kumtunda, ulere.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Mnyamata ndamuwerengera za propela zija, wangoti duu. Pano akufunsa ngati fungolo adzalimve.